Citsamba Cimene Cinabala Mankhwala a Shuga

Ana inu, lero tikamba za citsamba cina ca ku Ulaya cochedwa Galega officinalis. Kalekale anthu a kumeneko anali kupatsa masamba ake odwala amene anali kumva ludzu losatha ndi kukodza kaŵirikaŵiri. Izi ndi zizindikiro za matenda a shuga.

Akatswiri atapima citsambaci anapeza kuti cili ndi mphamvu yotsitsa shuga m'magazi, koma cilinso ndi ululu. Ngakhale nkhosa zimafa zikadya cambiri. Motero anayamba kufunafuna mankhwala ofanana naco koma osaopsa. M'caka ca 1957 dotolo wa ku Paris, Jean Sterne, anaonetsa kuti metformin ithandiza odwala shuga. Mankhwalawa aletsa ciŵindi kutulutsa shuga wambiri, ndiponso atsitsako pang'ono mafuta a m'magazi. Ndiwo amene agogo ambiri alandira ku kiliniki masiku ano.

Tsono taonani kusiyana kwake. M'bulu uliwonse wa ku cipatala uli ndi muyezo wodziŵika, monga mamiligilamu 500. Nanga botolo la madzi a masamba a moringa kapena nimu logulidwa pamsika, ndani anayeza mphamvu yake? Ena amasiya mankhwala a dotolo nadalira botolo lotere, ndipo shuga amawononga maso, impso ndi mapazi mwakacetecete.

Aphunzitsi, ngati m'kalasi mwanu muli mwana wobayidwa insulin, dziŵani kuti palibe tsamba limene lingaloŵe m'malo mwa jekeseni wake. Makolo akafuna kuyesa zitsamba, ayambe afunsa ku kiliniki.