Madontho 42 pa mphindi: zimene namwino amawerenga dilipi ikamayenda

Wodwala akaikidwa dilipi, achibale mitima imakhala m'malo. Kwa namwino, apa m'pamene ntchito imayambira.

Dokotala akalemba kuti lita imodzi ilowe m'maola 8, namwino amachita masamu. Pa chubu chimene chimagwiritsidwa ntchito kwambiri, madontho 20 ndiwo mililita imodzi, choncho pafunika madontho pafupifupi 42 pa mphindi. Kumene kulibe makina, amawawerenga ndi maso, wotchi ili m'manja, uku akusuntha kagudumu ka pachubupo. N'chifukwa chake anamwino amakalipa akapeza gadiyani watsegula kagudumuko kuti botolo lithe msanga. Madzi othamanga amalemetsa mtima n'kudzaza m'mapapo, ndipo wodwala amayamba kubanika ndi kutupa.

Kafukufuku wa FEAST, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2011, anaona ana oposa 3,000 odwala mwakayakaya ndi matenda otentha thupi ku Uganda, Kenya ndi Tanzania. Pakati pa ana amene anathiridwa madzi ambiri mofulumira, omwalira anachuluka kuposa pakati pa amene sanathiridwe motero.

Kolera ndiye imafuna liwiro. Munthu wamkulu amene madzi atheratu m'thupi amapatsidwa madzi a Ringer's lactate, mamililita 100 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake m'maola atatu okha. Wolemera makilogalamu 60 amalandira malita 6. Pa mliri wa 2022 mpaka 2023, umene unapha anthu oposa 1,700 m'Malawi muno, imeneyi inali ntchito ya usana ndi usiku: kugwira mkono pafupipafupi pofuna kumva kugunda kwa mtima, ndipo wodwala akangotha kumeza, kumuyambitsa Thanzi ORS.

Mankhwala nawo ali ndi malamulo awo. Kwinini wa malungo amalowa pang'onopang'ono kwa maola anayi, ndipo amatha kutsitsa shuga m'magazi, ndiye namwino amayeza shugayo. Mayi woyembekezera amene wapatsidwa magnesium sulphate poletsa kukomoka amamuwerenga kapumidwe, kumugogoda pabondo kuti aone ngati mwendo ukudzidzimuka, ndi kuyeza mkodzo wake, chifukwa mankhwalawa amatuluka kudzera mu impso.

Pamene palowa kanula, kachubu kolowa mumtsempha, pamafunanso diso. Pakatupa n'kuzizira, madzi akutayikira kunja kwa mtsempha. Pakafiira, kutentha ndi kupweteka, mtsempha watupa. Zikatero namwino amaimitsa dilipi, kuchotsa kanulayo, n'kufuna mtsempha wina.