Mmene makompyuta amadziwila zofuna za munthu polumikiza nchito za pa Intaneti

Munthu wopita ku msonkhano m'dziko lina amafunika tikiti ya ndeke, cipinda cogona, galimoto yomutenga pa bwalo la ndeke ndi njila yolipilila zonsezi. Ciliconse cili m'manja mwa kampani yakeyake. Kwa zaka zoposa 20, akatswili a makompyuta akhala akufunafuna njila yakuti makina azilumikiza okha nchito zotelezi popanda munthu kutsegula masamba a pa Intaneti limodzilimodzi. Kulumikiza makinawo kunatheka msanga. Cimene cakhala cikuvuta ndico kuwadziwitsa zimene mwini ulendo afuna.

Nchito zimenezi, zimene akatswili amazichula kuti web services, ndi mapulogilamu amene amayankha mafunso a makompyuta anzawo. Pulogilamu ya kampani ya ndeke imauza kompyuta ina mipando yotsala ndi mtengo wake, ndipo ya hotela imauza zipinda zimene zilibe anthu. Kuti makinawa amvane, panapangidwa malamulo ofanana. Limodzi mwa iwo ndi WSDL, lofalitsidwa mu 2001, limene limafotokoza funso limene nchito imalandila ndi yankho limene imabweza. Koma malamulo otele sanena ciliconse cokhudza munthu amene akuthandizidwa.

Mu May 2001, Tim Berners-Lee, amene anayambitsa World Wide Web, pamodzi ndi James Hendler ndi Ora Lassila, analemba nkhani m'magazini ya Scientific American. Anayamba ndi fanizo la mwamuna ndi mlongo wake amene afuna kupeza nthawi yopelekela amayi awo ku cithandizo ca kucipatala. Pulogilamu ya mlongoyo inafufuza zipatala zovomelezedwa ndi kampani ya inshuwalansi, zosapitilila mtunda wa mamailosi 20, ndipo inakonza masiku. Mwamunayo anakana dongosololo cifukwa cipatala cinali kutsidya lina la mzinda, ndipo akanabwelela panthawi imene magalimoto amadzaza misewu. Anauza pulogilamu yake kuti ifufuzenso, malo ndi nthawi zikhale zomukomela.

Dongosolo loyambalo linalibe colakwa ciliconse. Makina anacita zonse zimene anauzidwa. Mwamunayo anadziwa kuti safuna kuyenda panthawi ya cipwilikiti ca magalimoto ataona dongosolo lili patsogolo pake, ndipo anthu ambili ndi mmene alili.

Akatswili amagawa zofuna za munthu pawili. Pali zosasinthika: ndalama zisapitilile mlingo wakuti, munthu afike msonkhano usanayambe, cipinda cikhale coti njinga ya olemala ilowe. Dongosolo lophwanya cimodzi mwa izi limatayidwa. Ndiye pali zokonda, monga mpando wa pawindo kapena hotela yapafupi ndi msika. Zimenezi zikasoweka, ulendo ucitikabe.

Kusokoneza ziwilizi kumawononga nchito. Zokonda zonse zikatengedwa ngati lamulo, makina amayankha kuti palibe ulendo umene ungatheke, pamene maulendo abwino alipo. Zosasinthika zikatengedwa ngati zokonda, munthu akhoza kupatsidwa tikiti yochipa imene imamufikitsa msonkhano utatha.

Njila yofala ndi yopatsa cinthu ciliconse mamaliki: mtengo, nthawi, kudalilika kwa kampani. Makina amaphatikiza mamalikiwo ndi kusankha dongosolo lopambana. Njilayi ndi yosavuta kwa kompyuta, koma ndi yovuta kwa munthu, pakuti ndi ocepa amene anganene kuti ola limodzi lodikila pa bwalo la ndeke ndi lofanana ndi makwacha angati. Ilinso ndi cilema cina: kuchipa kwa tikiti kukhoza kuphimba kuipa kwa zina zonse, mpaka munthu wokalamba apatsidwe ulendo wogona pa benchi usiku wonse.

Ndiponso zokonda za munthu zimadalilana. Wina amakonda basi ngati ulendo ndi waufupi, koma ndeke ngati ndi wautali. Amakonda hotela yochipa akakhala yekha, koma yabwino akayenda ndi ana. Mu 1999, Craig Boutilier ndi anzake anafalitsa njila yochedwa CP-nets yolembela zokonda zodalilana zotelezi popanda manambala. Munthu amangonena kuti ici cimaposa ico ngati zinthu zili mwakuti, ndipo makina amasanja okha madongosolo kuyambila lomukomela kwambili.

Mu 2006, Shirin Sohrabi, Nataliya Prokoshyna ndi Sheila McIlraith a pa yunivesite ya Toronto ku Canada anaonetsa njila ina. Iwo anati nchito monga yokonza ulendo ili ndi mafupa ofanana kwa aliyense: kupeza coyendela, kupeza malo ogona, kulipila. Mafupawo amalembedwa kamodzi. Zokonda za munthu zimalembedwa padela, ndipo makina amazigwilitsa nchito posankha pa mphambano iliyonse. Ubwino wake ndi wakuti kompyuta siyesa madongosolo onse, amene amaculuka mofulumila: magawo 5 okhala ndi makampani 20 pa gawo lililonse amabala madongosolo 3,200,000.

Funso lotsala ndi la kumene zokondazo zimacokela. Kufunsa munthu mafunso ambili pa fomu kumamutopetsa, ndipo amayankha mongothamanga. Kumuonetsa dongosolo kuti anene cimene sicinamukomele, monga anacitila mwamuna wa m'fanizo lija, kumapeleka mayankho oona, ngakhale kumadya nthawi. Njila yacitatu ndi yophunzila ku zimene munthu anasankha kale. Imeneyi makampani amaikonda, koma imasoceletsa: amene anakwela ndeke yodula kamodzi pothamangila malilo akhoza kuwelengedwa ngati wosasamala za mtengo.

Zina mwa ziyembekezo za zaka zimenezo sizinakwanilitsidwe. Kaundula wa poyela wa UDDI, amene anayenela kukhala ngati buku la manambala a lamya la nchito za pa Intaneti, anatsekedwa ndi IBM, Microsoft ndi SAP mu January 2006. Lingalilolo labwelanso ndi mapulogilamu a AI amene amamva cilankhulo wamba. Mu November 2024, kampani ya Anthropic inafalitsa Model Context Protocol, njila yolumikizila mapulogilamuwa ku nchito zina. Tsopano munthu akhoza kunena zofuna zake m'mau ake, koma mau akuti hotela yabwino amatanthauzabe zosiyana kwa anthu awili.

Pamene makina adziwa zambili, amathandiza bwino, ndipo m'pamenenso amasunga zinsinsi zambili. Zakudya zimene munthu amakana pa ndeke zikhoza kuulula cipembedzo cake kapena matenda ake. Pogula ulendo umodzi, uthenga umenewo ukhoza kudutsa m'makampani angapo a m'maiko osiyana. Ku Ulaya, lamulo la GDPR linayamba kugwila nchito mu 2018. Muno mu Zambia, Data Protection Act ya mu 2021 imaika nkhani za umoyo ndi za cipembedzo m'gulu la uthenga wofunika citetezo capadela, ndipo imaika malile pa kuutumiza kunja kwa dziko.