Bwalo la Machava

Pafupifupi sukulu iliyonse ya m'boma la Mecanhelas ili ndi bwalo la mpira. Magolo ake ndi a nsungwi, ndipo oonerera amakhala pansi kapena kukwera pa culu. Kutali kumwera kwa dziko, mumzinda wa Matola pafupi ndi Maputo, kuli bwalo lina lalikulu kwambiri, lomangidwa ndi simenti. Dzina lake ndi Estádio da Machava. Mwana aliyense wa ku Moçambique ayenera kulidziwa, cifukwa dziko lake linalandirira ufulu pamenepo.

Bwaloli linamangidwa pa nthawi ya atsamunda a Cipwitikizi. Inalimanga ndi kampani ya njanji, Caminhos de Ferro de Moçambique. Njanji yodutsa m'boma la Mecanhelas, kucokera ku Cuamba kukafika ku Entre Lagos, inalinso ya kampani yomweyi. Bwalolo linali lokwana anthu oposa 30 000.

Linatsegulidwa pa 30 Juni 1968. Atsamunda analicha Estádio Salazar. Salazar anali wolamulira wa Portugal, ndipo sanafune kumva zoti maiko a mu Afrika adzilamulire okha. Tsiku lotsegulira, matimu amene anasewera anali a Portugal ndi Brasil. Brasil inapambana ndi zigoli 2 kwa 0. Moçambique analibe timu ya dziko, pakuti ankawerengedwa ngati cigawo ca Portugal. Akatswiri obadwira m'dzikoli, monga Eusébio ndi Mário Coluna, ankasewerera Portugal.

Koma pa nthawi imeneyo nkhondo yomenyera ufulu inali itayamba kale, mu 1964, ku Cabo Delgado ndi ku Niassa. Patapita miyezi itatu cabe bwalo litatsegulidwa, Salazar anadwala kwambiri nacotsedwa pa mpando. Mu 1974 asilikali anagwetsa boma la ku Portugal, ndipo boma latsopano linavomera kupereka ufulu.

Usiku wa pa 24 Juni 1975, anthu zikwizikwi anadzaza bwalo lija. Mvula inali kugwa, koma iwo sanabalalike. Pakati pa usiku, pamene tsiku la 25 Juni linkayamba, mbendera ya Portugal inatsitsidwa ndipo mbendera ya Moçambique inakwezedwa. Samora Machel analengeza kuti dziko lamasuka. Anthu akutali anamva mau akewo pa wailesi. Dzina la Salazar linacotsedwa, ndipo bwalo linatenga dzina la dera limene lili, Machava.

Kuyambira pamenepo, bwaloli linakhala kwao kwa timu ya dziko, imene imachedwa Mambas. Ndi kwaonso kwa timu ya Ferroviário de Maputo. Mu Setembala 1988, nkhondo ya paciweniweni ili mkati, Papa João Paulo II anacita Misa pa bwaloli napempherera mtendere. Masiku amenewo anthu ambiri a ku Mecanhelas anali atathawira ku Malawi. Pangano la mtendere linasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, ndipo othawa nkhondo anayamba kubwerera kwao.

Mu 2011 kunatsegulidwa bwalo latsopano ku Zimpeto, mumzinda wa Maputo, ndipo masewera ambiri a Mambas anasamukira kumeneko. Koma caka ciliconse pa 25 Juni, ana akamaguba pa mabwalo a sukulu zao ku Insaca kapena ku Entre Lagos, amakumbukira zimene zinacitika usiku wa mvula uja ku Machava.

Mafunso

1. Kodi dzina loyamba la bwalo la Machava linali ciani?
2. N'cifukwa ciani Eusébio ankasewerera Portugal?
3. Funsani agogo kapena akuluakulu a m'mudzi kumene anali pa 25 Juni 1975. Mudzafotokozere anzanu m'kalasi.