Ampulifaya ya Sitiriyo: Kukuza Mau Osawapotoza

Ambiri a ife pasukulu pano tikamva za ampulifaya tiganiza za phokoso. Timati makina abwino ndiwo amene agwedeza malata ndi kumveka kuyambira pamsika wa Bvumbwe kufikira m'minda ya tiyi. Ine ndikana ganizo limeneli, pakuti amisiri amene anakonza makinawa anabvutikira chinthu china. Pachizungu chinthucho achitcha high fidelity, ndiko kunena kukhulupirika kwakukulu.

Taganizani za nduna imene ibwereza mau a mfumu pabwalo. Mfumu ilankhula motsitsa, nduna niikweza mauwo kuti onse amve. Koma nduna ikasiya mau ena, kapena ikaonjezapo zake, mlandu waonongeka, ngakhale ifuule motani. Ampulifaya ili nduna yotere. Nyimbo ikachoka m'mbale ya galamafoni, m'wailesi kapena m'foni, ituluka ngati kamphamvu kochepa ka magetsi, kosatha kugwedeza sipika. Tsono ampulifaya itenga mphamvu yaikulu ya kuwaya kapena ya m'batire, niiumba kuti ifanane ndendende ndi kamphamvu kaja.

M'kati mwa bokosi muli magawo atatu. Loyamba lilandira nyimbo, ndipo pamenepo ndi pamene pali timabatani tokwezera ndi kutsitsa mau. Lachiwiri lipatsa nyimboyo nyonga yokankha sipika. Lachitatu, limene anthu saliganizira, ndilo losefa magetsi. Magetsi athu m'Malawi ali a mavoti 230, ndipo apita uku ndi uku maulendo 50 pa sekondi iliyonse. Akapanda kusefedwa bwino, mumva sipika ikung'ung'uza ngati njuchi ngakhale nyimbo isanayambe.

Valavu yoyamba yotha kukuza mau anaipanga Lee de Forest wa ku America m'chaka cha 1906, koma inali ndi bvuto la nduna yabodza ija: inkakuza mau ndi kuwapotoza. Mankhwala ake anawapeza Harold Black m'chaka cha 1927, ndipo nzeru yakeyo ine indizizwitsa. Iye anati titengeko pang'ono mau amene atuluka, tiwabwezere kukhomo kumene analowera, koma titawatembenuza. Pokumana ndi mau enieni, zolakwa zimene makina anaonjezapo zifafanizika zokha. Mtengo wake ndi wakuti mau atuluka ochepa kusiyana ndi m'mene akanatulukira. Onani tsono, anzanga, kuti mmisiriyo anataya dala phokoso kuti agule choonadi.

Potsata njira imeneyi, Harold Leak wa ku London anagulitsa m'chaka cha 1945 ampulifaya yotchedwa Point One, imene inkapotoza gawo limodzi lokha mwa magawo 1,000. M'chaka cha 1947 D. T. N. Williamson anasindikiza pulani ya ampulifaya yake m'magazini ya Wireless World, ndipo anthu a m'maiko ambiri anadzimangira okha kunyumba. Mphamvu yake inali mawati 15 basi! M'chaka chomwecho munatulukanso thiransisita, imene pambuyo pake inalowa m'malo mwa valavu chifukwa ili yaing'ono ndiponso siidya magetsi ambiri.

Nanga sitiriyo nchiyani? Munthu ali ndi makutu awiri, nchifukwa chake adziwa mbali imene galu akuuwira ngakhale kuli mdima. Alan Blumlein wa ku kampani ya EMI analembetsa m'chaka cha 1931 njira yojambulira mau m'mizere iwiri, wa kumanzere ndi wa kumanja, koma mbale zotere zinayamba kugulitsidwa kwa anthu ambiri m'chaka cha 1958. Motero ampulifaya ya sitiriyo ili maampulifaya awiri m'bokosi limodzi. Ayenera kukhala ofanana mphamvu, ndiponso mau a mbali ina asadonthere ku mbali inzake.

Khutu la mnyamata kapena mtsikana wa msinkhu wathu limva mau onjenjemera kuyambira maulendo 20 kufikira 20,000 pa sekondi, ndipo ampulifaya yokhulupirika ikuza onsewo mosakondera. Yesani ndi nyimbo za malemu Allan Namoko wa konkuno ku Thyolo, amene ankaimba ndi Chimvu River Jazz Band. Banjo yake ilira mau okwera ndi akuthwa, pamene ng'oma igunda pansi. Makina okondera besi aphimba banjoyo, nimungomva kugunda kokha.

Tsopano za mawati, pamene ogula ambiri anyengedwa. Khutu silimva monga m'mene masamu awerengera. Mukawirikiza mawati kawiri, mau akwera pang'ono chabe. Kuti amveke okwera kawiri pafunika mphamvu yochuluka pafupifupi kakhumi. Pamabokosi ena alemba mawati zikwizikwi ndi zilembo za P.M.P.O., koma nambala imeneyo ilibe muyeso umene amisiri anagwirizana. Funsani za R.M.S., ndiyo mphamvu imene makina atha kupereka mosalekeza. Ophunzira sayansi angathe kuwerengera okha: batire ya mavoti 12, pa sipika ya maohm 4, singapereke mawati oposa 18 popanda kupotoza mau, pokhapokha m'bokosimo muli chida chokwezera mavoti.

Mukaikakamiza ampulifaya kupitirira mphamvu yake, idula nsonga za mau, ndipo nyimbo imveka yosasa ngati nsalu yong'ambika. Mau odukawo atenthetsa kasipika kakang'ono ka mau okwera, ndipo kangathe kupsa. Chotero anyamata amene ayang'anira makina pa dansi ya Loweruka, mukamva banjo kapena gitala iyamba kusasa, bwezani batani m'mbuyo kufikira kusasako kutaleka.