Malire adatseguka, nanga wapindula ndani ku Masambanjati?

Kale malole odzaza nthochi ankanyamuka ku Masambanjati ndi ku Thekerani m'boma la Thyolo kupita m'misika ya ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Lero zidatembenuka: nthochi zambiri m'misikayi zimachokera ku Tanzania ndi ku Mozambique.

Chidapululutsa minda ndi matenda a chisaka, koma adapeza mlimi ali kale yekhayekha.

Nkhani idayamba mu 1981 pomwe dziko lino lidalandira ngongole ya World Bank yokonzera chuma. Bankiyi pamodzi ndi IMF ankati boma lichepetse kulowerera pa malonda, msika uziyenda wokha.

Mu 1987 mavenda adaloledwa kugula mbewu mopikisana ndi ADMARC, ndipo misika ina ya bungweli kumidzi idatsekedwa. Mu 1994 boma lidasiya kuika mtengo wa kwacha, kenaka sabuside ya feteleza idachotsedwa. Mu 2002 bungwe la Smallholder Tea Authority, lomwe linkathandiza alimi ang'onoang'ono a tiyi kuyambira 1967, lidatha, ndipo ambiri adayamba kugulitsa masamba awo ku maesiteti.

Ganizo lomweli ndi limene lidatsegula malire. COMESA idakhazikitsidwa mu 1994, mlembi wamkulu wake woyamba ali Bingu wa Mutharika, mwana wa ku Thyolo komweko. Mu 2000 Malawi idali m'gulu la maiko 9 oyamba kuchotserana msonkho pa katundu, ndipo SADC, komwe kuli Tanzania ndi Mozambique, idayamba zomwezo mu 2008.

Esiteti yokhala ndi fakitale ndi malole ake imapindula, poti tiyi wa kuno ali ndi msika waukulu ku South Africa. Koma mlimi amene nthochi zake zidafa alibe chowolotsa pa malire. Iye adasanduka wogula.

Kutseka malire nakonso si mankhwala. Mu 2025 Malawi italetsa zokolola zina zakunja, Tanzania idabwezera, mpaka maiko awiriwa adachita kukhala pansi n'kukambirana.

Mutharika yemweyo, atakhala mtsogoleri wa dziko, adabwezeretsa sabuside mu 2005 ngakhale maiko ena opereka thandizo ankanyinyirika, ndipo chimanga chidachuluka.

Chimene mlimi wa ku Masambanjati akusowa ndi mbewu ya nthochi yopanda matenda, mlangizi womuyendera ndi msewu wofika kumunda. Popanda izi, malire otseguka azingobweretsa nthochi za eni.