Dzina Lathu M'kaundula wa Ngongole

Akuluakulu pakati pathu tikukumbukira makalabu a alimi. Kalabu ikatenga feteleza ndi mbewu pa ngongole, mudzi wonse unkadziwa amene wabweza ndi amene akuzemba. Alangizi ankadziwa, amfumu ankadziwa. Chilala cha 1992 chitabwera, kenaka ndale za riferendamu ya 1993, alimi ambiri adaleka kubweza. Bungwe la SACA, lomwe linkakongoza alimi, lidagwa, ndipo mu 1994 boma lidakhazikitsa Malawi Rural Finance Company. Masiku amenewo munthu wothawa ngongole ku Linthipe ankatha kukakongolanso kwina kumene sakumudziwa. Lero zinthu zidasintha. Ngongole ikutsatira dzina la munthu kulikonse kumene apite, ndipo ambiri a ife sitidziwa kuti dzina lathu lidalembedwa penapake.

Kodi kaundula ameneyu n'chiyani?

Mu 2010 Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo lotchedwa Credit Reference Bureau Act. Lamuloli lidalola kuti pakhale makampani osunga mbiri ya ngongole za anthu. Makampaniwa sakongoza ndalama ayi. Ntchito yawo ndi kulemba kuti uje adakongola zingati, kuti, liti, ndipo akubweza motani. Amene amawapatsa chiphaso ndi kuwayang'anira ndi Banki Yaikulu ya dziko lino, Reserve Bank of Malawi. Mwa makampani omwe adalandira chiphasocho pali Credit Data CRB ndi TransUnion. Poyamba mabanki ankakanakana kupereka mbiri ya makasitomala awo ponena kuti ndi chinsinsi, koma lamuloli lidakonzedwanso mu 2016 kuti azipereka ndithu.

Choncho tikapita kukapempha ngongole ku banki kapena ku bungwe lokongoza ndalama, iwo amayamba afunsa kaye ku kaundulayu. Wobweza bwino mbiri yake imamuchitira umboni ngakhale alibe mbale kapena mnansi mu ofesimo, ndipo ife tikuona kuti apa wosauka wokhulupirika wathandizidwa. Wozemba amabwezedwa pakhomo. Ana athu amene adaphunzira ku yunivesite ndi ngongole ya boma ayeneranso kudziwa kuti imeneyo ndi ngongole ngati ina iliyonse. Za banki mkhonde ndi katapila sizifika kumeneko, izo zimathera m'mudzi momwemo.

Chiphaso cha unzika si chobwereketsa

Kodi kaundulayu amasiyanitsa bwanji anthu a mayina ofanana, poti a Phiri ndi a Banda ndi ambiri chotere? Amayang'ana nambala ya chiphaso cha unzika. Mu 2017 bungwe la National Registration Bureau lidalembetsa Amalawi oposa 9 miliyoni, ndipo mu 2018 bungwe la MACRA lidalamula kuti nambala iliyonse ya foni ilembetsedwe m'dzina la mwini wake. Kuyambira pamenepo chiphaso, foni ndi ngongole zidamangidwa pa chingwe chimodzi.

Apa ndi pamene tikupunthwa kwambiri. Pologalamu ya zipangizo zotsika mtengo ya AIP itayamba mu 2020, tidaona mavenda akuyenda m'midzi kusonkhanitsa ziphaso za anthu, makamaka nkhalamba, n'kuwasiyira kandalama kochepa kuti iwo akagule feteleza. Ambiri ankangoona ngati ataya matumba a feteleza basi. Koma chiphaso chikagona masiku angapo m'thumba la munthu wachilendo, chikhoza kujambulidwa n'kugwira ntchito zina zomwe mwini wake sadziwa.

Tiyerekeze mayi wina wa ku Bembeke, mlimi wa mbatatesi. Mphwake wa amuna awo abwera n'kunena kuti, "Amayi, chiphaso changa chidatayika, ndibwerekeni chanu ndikalembetse layini ya foni." Mayiyo avomera, poti ndi mwana wa pakhomo. Mnyamatayo atenga ngongole ya pafoni, osabweza, n'kutaya layiniyo. Patapita zaka ziwiri mayiyo afuna ngongole yogulira feteleza ndi mankhwala opopera m'dimba, koma awuzidwa kuti dzina lawo ndi lodetsedwa. Makina sadziwa za mphwake. Amadziwa dzina ndi nambala zomwe zidalembedwa. N'chimodzimodzi tikasayina kapena kudinda chala poimira mnzathu pa ngongole: iye akalephera, ngongoleyo imagwera ife.

Ife Akhristu timakonda kuthandizana, ndipo kukaniza mbale chinthu kumatichititsa manyazi. Komatu pali njira yothandizira: kumuperekeza ku ofesi, kumupatsa ya thiransipoti kuti akakonzetse chiphaso chake. Kukongola m'dzina la wina iye asakudziwa ndi kuba ndiponso ndi bodza, ndipo tonse tidaphunzira m'kalasi ya katekisimu kuti lamulo lachisanu n'chiwiri ndi lachisanu n'chitatu amaletsa zimenezi. Tichenjerenso ndi anthu oimba foni kuti tapata mphoto kapena kuti dzina lathu latuluka pa ngongole, n'kumafunsa nambala yachinsinsi. Wogwira ntchito weniweni wa banki kapena wa kampani ya foni safunsa nambala imeneyi.

Ufulu wathu ndi wotani?

Lamulo silidateteze okongoza okha. Mwini dzina ali ndi ufulu woona zomwe zidalembedwa za iye, ndipo kamodzi pa chaka akhoza kupempha lipoti lake ku kampani yosunga kaundula popanda kulipira. Mbiriyi si yoti iziperekedwa kwa wina aliyense wongofuna kudziwa za mnzake. Akatikaniza ngongole, tisangotuluka chamutu pansi ngati tagwidwa ndi mbuzi yakuba. Tifunse mwaulemu chifukwa chake, ndipo ngati ndi kaundula, atiuze dzina la kampani imene yapereka lipotilo.

Tikapeza ngongole imene sitidatenge, kapena imene tidamaliza kubweza koma ikuonekabe, tilembe kalata yodandaula kwa amene adakongozayo ndi ku kampani ya kaundula, tisunge kope lake. Iwo ayenera kufufuza ndi kukonza cholakwikacho. Akanyalanyaza, dandaulo lipite ku Reserve Bank of Malawi, ku ofesi yoyang'anira mabungwe a zachuma. Apa malisiti ndiye mboni yathu. Ambiri timakulungira fodya kapena kuyatsira moto mapepala amene tsiku lina akadatipulumutsa.

Chiphaso chikatayika kapena kubedwa, tikanene ku polisi msanga, titenge kalata yawo, tipite nayo ku ofesi ya kalembera kwa DC pa boma la Dedza. Kalata ya polisiyo tisunge kope lake, pakuti ndi imene idzasonyeze tsiku lomwe chiphasocho chidachoka m'manja mwathu. Atsogoleri a miphakati, pa msonkhano wa sabata ino funsani agogo ndi amasiye a mu mphakati wanu ngati ziphaso zawo zili m'nyumba zawo, ndipo ngati zili kwa wina, mupite nawo limodzi kukazitenga.