Musathamangire Windows 11, yambani mwaona disiki

Kuno ku Nchenachena m'boma la Rumphi, laputopu siigulidwa mwachibwana. Wina makolo ake anachita kugulitsa fodya, wina khofi wa kumapiri a Phoka, wina anatumiziridwa ndi mbale wake wa ku Joni. Zambiri mwa izo n'zakaunjika, zinagwirapo kale ntchito zaka zingapo kunja. Ndiye funso lomwe ndimamva kawirikawiri kwa ophunzira ndi anyamata oika nyimbo m'mafoni n'lakuti: "Makina angawa akuchedwa, ndiikemo Windows 11 kapena ndingogula ena?" Yankho langa silisintha. Zonse ziwirizo dikirani kaye, yambani mwaona disiki yomwe ili m'katimo.

Mufoni yomwe mukuwerengera nkhaniyi mulibe chinthu chozungulira. Zithunzi ndi mauthenga anu a pa WhatsApp zimasungidwa m'tizipangizo ta magetsi, tofanana ndi ta mu fulashi. SSD imagwira ntchito chimodzimodzi. Pomwe hard disk, yomwe ena amangoti HDD, m'kati mwake muli timbale tomwe m'malaputopu ambiri timazungulira ka 5,400 pa mphindi, ndipo kamkono kakang'ono kamayendayenda pamwamba pake kufunafuna zomwe mwaitanitsa. Luso limeneli n'lakalekale. Kampani ya IBM inatulutsa hard disk yoyamba mu 1956, yaikulu ngati mafiriji awiri, koma inkasunga zinthu zosapitirira 5MB, nyimbo imodzi basi.

Pa liwiro ziwirizi n'zosayerekezeka. Hard disk ya mu laputopu imawerenga pafupifupi 100MB pa sekondi, pomwe SSD wamba ya SATA imafika cha m'ma 500MB. Makina omwe munkati mukawayatsa mumayamba mwakatereka tiyi, mukaikamo SSD amayaka musanakhale n'komwe pansi bwinobwino.

Kwa ife a kumudzi pali zifukwa zina zoposa liwiro. Laputopu zathu zimayenda m'chikwama pa njinga yamoto, m'misewu ya mabampu. Hard disk siigwirizana ndi kugwedezeka, makamaka ikakhala kuti ikuzungulira. Kamkono kaja kakangokhudza mbale, ntchito ya chaka chonse yapita. SSD ilibe mantha amenewo. Komanso imadya moto wochepa, zomwe n'zofunika kwa munthu wodalira sola kapena yemwe magetsi amuthimira ali pakati pa asayimenti.

Koma ndisakunamizeni, hard disk nayo ili ndi ubwino wake. Pa ndalama yomweyo imakupatsani malo ambiri osungira mafilimu ndi nyimbo. Ndipo ikayamba kutha nthawi zambiri imachenjeza, mumamva kaphokoso kogogoda, mafayilo n'kumachedwa kutseguka. SSD ikhoza kungoti zii tsiku limodzi, osatsanzika. N'chifukwa chake ine ndimalangiza zonse ziwiri. Gulani SSD yaing'ono, ya 256GB ikukwana, kuti mukhale Windows ndi mapulogalamu. Hard disk yakaleyo musataye. Igulireni kabokosi kolumikiza pa USB, izisunga mafilimu ndi kope lachiwiri la zinthu zofunika.

Musanakwere minibasi ya ku Mzuzu, dziwani kaye mtundu womwe makina anu amalandira. Pali SSD ya mainchi 2.5 yomwe imalowa pamalo pa hard disk, ndiye pali ina yopyapyala ngati kachingamu yotchedwa M.2. Mukalakwitsa ndiye kuti thiransipoti mwalipira kawiri. Pogula itanitsani lisiti, ndipo aiyese inu mukuona, poti zachinyengo ziliko: pachikuto alembapo 1TB, m'kati muli kochepa.

Tsopano za Windows. Kampani ya Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, patatha zaka khumi chiitulutsireni mu 2015. Izi sizikutanthauza kuti makina anu azima ayi. Azigwirabe ntchito, kungoti mipata yatsopano yomwe akuba a pa intaneti azipeza siizitsekedwanso, kupatula kwa omwe analembetsa ndondomeko yoonjezera yomwe kampaniyo inalengeza kuti ifika Okutobala 2026. Ngati mumalowa ku banki kapena kusunga zikalata za ntchito pa laputopupo, nkhaniyi si yoseweretsa.

Vuto n'lakuti Windows 11, yomwe inatuluka mu Okutobala 2021, imasankha. Imafuna RAM yosachepera 4GB, malo a 64GB, kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0, komanso purosesa yatsopanoko. Kwa Intel, kwenikweni ndi kuyambira m'badwo wa 8. Onani nambala yake: i5-8250U ndi ya m'badwo wa 8, yadutsa, koma i5-6200U ndi ya 6, yatsala. Apa mumvetse bwino, aise. SSD ithamangitsa makina anu, koma siingasinthe m'badwo wa purosesa. Wina akakuuzani kuti mugule SSD kuti makina avomere Windows 11, akungofuna ndalama zanu.

Alipo amisiri omwe amaikakamiza Windows 11 pa makina osayenera, ndipo imayakadi. Koma Microsoft yomweyo inanena kuti makina otere sikuwalonjeza kuti azilandira zokonza. Ngati ntchito yanu ndi kulemba, kuwerenga ndi kufufuza pa intaneti, ganiziraninso za Linux Mint. Ndi yaulere, siilemetsa makina akale, ndipo imabwera ndi LibreOffice yomwe imatsegula mafayilo a Word. Oimba ndi ojambula ayambe afunsa ngati mapulogalamu awo amayenda kumeneko, chifukwa ena sayenda.

Pali nkhani ya bando. Fayilo yoikira Windows 11 imapitirira 5GB, ndipo netiweki ikadukira pakati mtima umawawa. Palibe chifukwa choti anthu asanu a dera limodzi aliyense awononge bando yake. Mmodzi akope kuchokera kwa Microsoft yeniyeniyo, aike pa fulashi ya 8GB kapena kuposerapo, enawo abwereke.

Kuthamanga sikufika, choncho ndondomeko yake ikhale iyi. Choyamba, koperani zikalata, zithunzi ndi masatifiketi anu pamalo ena, chifukwa kuika Windows mwatsopano kumafufuta zonse. Chachiwiri, tsegulani Task Manager, pitani pa Performance, muone ngati disiki yanu yalembedwa HDD kapena SSD, ndi nambala ya purosesa. Chachitatu, yesani makinawo ndi pulogalamu yaulere ya PC Health Check. Mukatero m'pomwe mutulutse ndalama.

Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse chochokera kunja chinakwera mtengo, ndipo laputopu yatsopano ambirife sitingaifikire. Yomwe muli nayoyo, ndi disiki yoyenera, ikhoza kukufikitsani pomaliza sukulu. Musaigulitse motchipa chifukwa chakuti ikuchedwa kuyaka.